Nkhokwe ya Nangondo Ilowa m'Kafukufuku

M'dziko la Tidzaonamawa munalibe chinthu chimene sichinayambidwe. Misewu inayambidwa, milatho inayambidwa, ngakhale fakitale yopanga ndege inayambidwa, ndipo mwala wake wa maziko ulipo mpaka lero, amayi amayanikapo mfutso. Chimene anthu akumeneko anali asanachionepo ndi ntchito yotha. Mwana wasukulu ukamufunsa kuti mlatho n'chiyani, ankayankha mosakayika kuti ndi chikwangwani chokhala ndi chithunzi cha mfumu chimene chimaima m'mbali mwa mtsinje, ndipo aphunzitsi ankamuchonga.

Mwini dzikolo anali Mfumu Khazikitsani Wachiwiri. Mfumuyi inalibe nkhanza, tisainamizire, koma inali ndi nthenda yake: sizasi. Inkayenda ndi sizasi yagolide m'thumba la mkanjo, ndipo ikangoona riboni kapena chingwe chilichonse chopingasa, dzanja linkayamba kuyabwa. Tsiku lina inadula chingwe choyanikapo zovala cha mayi busa n'kulengeza kuti zovalazo zatsegulidwa. Tsiku linanso inadula chingwe cha mbuzi ya eni ake pamsika, mbuzi liwiro, nduna n'kuomba m'manja. Kuyambira pamenepo mfumu ikamadutsa atelala ankabisa ulusi, ndipo abambo ankagwira malamba a mathalauza awo ndi manja awiri.

Chaka chimene tikunenachi nankafumbwe anavuta zedi. Munthu ankakolola chimanga chooneka bwino, koma pofika nthawi ya mphepo ukalowetsa dzanja m'nkhokwe unkatulutsa fumbi. Anthu anadandaula pamsika wa Mwamvanji, madandaulowo anakwera mtunda pang'onopang'ono mpaka anafika kubwalo la mfumu. Mfumu inaitana nduna zonse, popeza mutu umodzi susenza denga, ndipo mitu yonseyo itakumana inagwirizana kuti denga lidikire kaye, payambike Pulojekiti Yaikulu ya Kafukufuku wa Mankhwala Othana ndi Nankafumbwe.

Woyendetsa pulojekitiyo anali a Dokotala Zingalume, munthu amene anakaphunzira kunja kayendetsedwe ka mapulojekiti n'kubwerako ndi magalasi komanso kandodo kolozera pabolodi. Anaima pamaso pa bwalo n'kufotokoza kuti pulojekiti iliyonse ili ndi magawo ake: kuyamba, kukonza ndondomeko, kugwira ntchito, kuchita kalondolondo, kenako kutseka. Atatchula mawu omalizawa anthu onse m'bwalo anayang'anizana. Nduna ina inatsamwa ndi tiyi. Mfumu inafunsa mwaulemu kuti kutsekako n'kutani, ndipo a Dokotala anafulumira kuikhazika mtima pansi kuti umenewo ndi mwambo wa anthu akunja, umangolembedwa m'mabuku kuti tsamba lidzaze.

Kenako analoza pabolodi pamene anajambula nkhokwe ziwiri. Anati kafukufuku weniweni sachitika mongolota. Pamafunika nkhokwe ina yothira mankhwala, ndi ina yosathira kanthu, yofanizira. Nankafumbwe akadya yosathirayo n'kusiya yothirayo, ndiye kuti mankhwala agwira ntchito, dziko lonse livine.

Nduna ya Zaulimi, imene inali itangodzuka kumene, inafunsa kuti mankhwalawo ali kuti. A Dokotala anaiyang'ana mwachifundo. Anati mankhwala ndi gawo lamtsogolo, pakadali pano komiti ikukambirana kaye dzina lake kuhotela ya kumapiri. Koma mwamwayi nkhokwe yofanizira siifuna mankhwala, choncho theka la kafukufuku likhoza kuyamba mawa lomwe. Bwalo lonse linaimirira n'kuomba m'manja poona kuti ntchito yafika kale pakati isanayambe.

Nkhokweyo inayenera kusankhidwa mopanda tsankho. Anamanga nsalu kumaso kwa Nduna ya Zaulimi, anaizunguza, n'kuiuza kuti iloze pamapu. Chala chinagwera pafamu ya ndunayo. Anati chimenecho chinali choyeserera. Ataizunguzanso chinagwera pamunda wa apongozi a mfumu, ndipo zinadziwika kuti nsalu inali yothina. Pomaliza, mothandizidwa pang'ono pachigongono, chala chinatera m'mudzi wa Kaliyeka, pakhomo pa Nangondo.

Nangondo anali mayi wamasiye, wogulitsa tomato pamsika wa Mwamvanji. Chaka chimenecho analima ngati alibe msana, ndipo nkhokwe yake inadzaza mpaka kudenga. Chimangacho chinali ndi ntchito yake. Mwana wake womaliza, Esinati, anali pachibwenzi ndi mnyamata wina wokhoma zidebe dzina lake Yotamu, ndipo ukwati wawo unali utalephereka kale chaka chatha chifukwa cha njala. Akuchimuna ananena poyera kuti mvula ikagwa ukwati usanachitike, Yotamu anyamuka kukafuna ntchito kunja kwa dziko. Aliyense ku Kaliyeka ankadziwa kuti opita kumeneko amabwera ndi wailesi yaikulu komanso mkazi wina. Ndiye chimanga chimenecho chinali thobwa, chinali ufa wa alendo, chinali banja la Esinati.

Magalimoto anafika m'mawa, fumbi koboo. Anazunguliza nkhokwe ija riboni yofiira n'kumanga mfundo yokongola kutsogolo. Mlembi anawerenga lamulo la mfumu lakuti palibe wothiramo phulusa, palibe wotapamo ngakhale njere imodzi, palibe wokhudza riboni, mpaka kafukufuku atatha. Anaikapo msilikali wamfuti. Kenako akuluakuluwo anamuveka Nangondo chitenje cha pulojekiti chojambulidwa nankafumbwe wamkulu akumwetulira, n'kumupatsa udindo wa Wokhudzidwa Wamkulu.

Nangondo anagwada, popeza analeredwa bwino, n'kufunsa motsitsa mawu.

"Nanga ukwati wa mwana wanga, bwana?"

"Musade nkhawa, mayi," anatero a Dokotala Zingalume. "Ukwatiwo tauika kale m'gulu la ziopsezo za pulojekiti. Tiziuyang'anira."

Kalondolondo anayamba. Komiti inkabwera pafupipafupi, aliyense n'kugunditsa khutu pankhokwe kumvetsera ngati m'katimo mukumveka kutafuna. Simunkamveka kanthu. Ankabwerera kuhotela kukakambirana za chete ameneyo, n'kubweranso ndi makutu atsopano. Nankafumbwe anali atamaliza nkhokwe za kumanja, za kumanzere, ngakhale ya abusa, koma ya Nangondo ankailambalala. Chifukwa chake palibe akudziwa. Ena amati ankaopa mfuti. Amayi a pamsika ankati nankafumbwe si wopusa, akaona kuti boma lafika kale pamalo amadziwa kuti sipatsala chakudya.

A Dokotala anayamba kuonda. Ndondomeko yawo inkanena momveka bwino kuti pofika mwezi umenewo nkhokwe yofanizira ikhale itadyedwa theka. Anakaima m'bwalo la mfumu maso ali psuu n'kuulula kuti anthu onse a pulojekiti akugwira ntchito molimbika, amene watsalira m'mbuyo ndi nankafumbwe. Bwalo linakwiya kwambiri ndi ulesi wa kachilomboko. Nduna ina inati aitanidwe adzayankhe. Ina inati mwina sanapatsidwe chitenje. Mapeto ake mfumu inalamula kuti popeza nankafumbwe wakana kubwera yekha, boma ligule anankafumbwe n'kukawathira m'nkhokwe ya Nangondo, kuti sayansi ipite patsogolo.

Nkhani itafika pa Mwamvanji msika unapenga. Anthu amene dzulo ankalira kuti nkhokwe zawo zatha anayamba kuyenda monyang'wa, chifukwa tsopano anali alimi a ziweto. Mbale ya anankafumbwe inakwera mtengo kuposa mbale ya chimanga. Ogulitsa ankaitanira kuti awo ndi onenepa, a mano akuthwa, osasankha zakudya. Bambo wina anakhala pansi pa mtengo wa mango n'kumadzitukwana kuti anathiriranji phulusa m'nkhokwe mwake, wapha chuma ndi manja ake. Mayi wina wogulitsa usipa anati wakhala zaka zonsezi akuweta nkhuku osadziwa kuti chitukuko chili m'fumbi.

Koma ogula a boma sanafike pamsikapo. Ntchito yogula anankafumbwe inapatsidwa kwa kampani ya mlamu wa nduna, imene kale inkagulitsa matayala. Mlamuyo anaipereka kwa mphwake, mphwakeyo kwa mnzake wa kumowa, ndipo aliyense m'njiramo anachita zimene mbuzi imachita pomwe aimangirira. Patapita nthawi kunyumba ya mfumu kunafika chigubu chachikasu chotseka bwino, chodindidwa zidindo zonse zofunika.

Mwambo wothira anankafumbwe unali wosaiwalika. Chigubu chinayenda pamtsamiro wofiira, bandi ya apolisi patsogolo, ana asukulu akukupiza timbendera. A Dokotala anakwera makwerero, anatukula pang'ono denga la nkhokwe, anatsegula chigubu n'kuchipendeketsera m'kati, nkhope atalozetsa kwa ojambula zithunzi monga mwa mwambo. Anachigwedeza kuti asatsalemo ndi mmodzi yemwe. Anthu anaomba m'manja. Nangondo yekha analowa m'nyumba n'kulira, ndipo kulira kwake kunali kwenikweni, kwa munthu amene akuona thukuta lake la chaka chonse likuperekedwa kwa tizilombo ndi nyimbo.

Dzuwa linayamba kuotcha, mitengo inaphuka masamba atsopano, ndipo madzulo kum'mawa kunkaoneka timitambo. Esinati anasiya kuseka. Yotamu anaonedwa pamsika akufunsa mtengo wa chikwama chapaulendo, ndipo amene anamuona sanachedwe kudzanena. Nangondo anavala chitenje chake cha Wokhudzidwa Wamkulu n'kupita kulikulu kukapempha kuti amulole atapeko chimene chatsala. Ofesi yoyamba inamutumiza kuchipinda cha ziopsezo, a ziopsezo anati nkhani yake ndi ya kalondolondo, a kalondolondo anali ku kalondolondo. Potuluka anamva wolengeza akufuula pakhonde kuti pulojekiti yawonjezeredwa nthawi, chifukwa komiti yagawanika pankhani ya dzina la mankhwala, ena akufuna Mphanankafumbwe, ena Khazikitsani Wamphamvu.

M'mawa mwake Nangondo anakhala kuseri kwa tomato wake osaitanira malonda. Mnzake woyandikana naye benchi, Nasibeko, amene ankagulitsa anyezi ndipo pakamwa pake panali powawa ngati malonda akewo, anamufunsa kuti wangokhala ndwii bwanji ngati nkhuku yonyowa. Nangondo anafotokoza zonse, n'kumaliza kuti ngakhale m'nkhokwemo mutatsala fumbi lokhalokha, ndi fumbi lake, akufuna alione ndi maso. Koma lamulo likuti palibe munthu wokhudza riboni.

Nasibeko anasenda kanyezi kamodzi.

"Achemwali," anatero, "kodi riboni m'dziko muno amadula ndani?"

Nangondo anamuyang'ana. Wa usipa anasiya kuthamangitsa ntchentche. Kenako mzere wonse wa amayi unaphulika chikhakhali mpaka agalu a pamsika anathawa.

Zinachitika kuti Lachisanu lotsatira mfumu inkadutsa pamsewu waukulu, kupita kukatsegulanso mlatho umene inautsegula chaka chatha ndi chaka chinacho. Amayi a pa Mwamvanji anadziwa chochita, chifukwa ku Tidzaonamawa mwana amaphunzira kukonzekera mwambo asanaphunzire kuyenda. Anatola miyala, anaipaka laimu, n'kuindandalika kuchokera pamsewu waukulu, kukhota pachigayo, kutsika kudambo, mpaka pankhokwe ya Nangondo. Anadzala nthochi zopanda mizu m'mbali mwa njira. Anasesa, anawaza madzi, anabwereka mipando ya kutchalitchi. Msilikali wolondera uja anaona zonsezi n'kuyamba kupukuta nsapato zake, popeza naye anali mwana wa dziko lomweli.

Dalaivala wa mfumu anali atatsata miyala yoyera moyo wake wonse, ndipo sanafunsepo kuti ikupita kuti. Ataona mzere wa miyala ukukhota, anakhota nawo, ngati nkhuku yotola chimanga chomwazidwa. Mdipiti wonse unakhota pambuyo pake. Amayi anayambitsa nyimbo, nthungululu zinang'amba mlengalenga, fumbi linakwera. Mfumu inatsika m'galimoto ikumwetulira, inakweza dzanja, kenako maso ake anagwera pa riboni yofiira ija, yonyezimira, ya mfundo yokongola, yosadulidwa. Dzanja linalowa lokha m'thumba la mkanjo.

A Dokotala Zingalume anatumphuka m'galimoto yakumbuyo, magalasi ali pambali, akupunthwa pamiyala ya laimu.

"Mfumu yanga, pepani, imeneyo ndi yofanizira! Si yotsegula!"

"Dokotala," inatero mfumu modekha, "ine ndakhala pampando nthawi yaitali. Chinthu chikakhala ndi riboni n'chotsegula."

Sizasi inalira kamodzi, riboni inagwa mbali ziwiri, ndipo mfumu inalengeza ndi mawu amphamvu kuti yatsegula. Itatero inaweramira kwa mlembi n'kufunsa chapansipansi kuti chimene yatsegulacho n'chiyani. A Dokotala anapempha kuti nkhokweyo itsekedwenso msanga. Nduna zinawayang'ana modabwa, ndipo ina inawakumbutsa mawu awo omwe, kuti kutseka ndi mwambo wa anthu akunja.

Nangondo anakwera makwerero. Nyimbo zinaleka. Esinati anaima patali atagwira pakamwa, ndipo Yotamu, amene anabwera kudzaonerera magalimoto, anaima patali pang'ono kuposa pamenepo. Nangondo anatseka maso, analowetsa dzanja, akuyembekeza fumbi. Chimene anagwira chinali cholimba. Anatulutsa chimanga chachikulu, anachisenda, njere zili mbuu, zothithikana, zopanda kabowo ndi kamodzi komwe. Anatulutsa china, n'china, akuponya pansi, chikugwa ndi mdidi wa chimanga chamoyo. Kenako anakhala pamakwerero pomwepo n'kuyamba kuseka misozi ikutsika.

Zoona zake zinadziwika pambuyo pake, monga zimachitira zoona. Ndalama zogulira anankafumbwe zinatha m'njira zisanafike kwa nankafumbwe aliyense, ndipo chigubu chija chinayenda pamtsamiro, ndi bandi, ndi zidindo zake zonse, mulibe kanthu. Nasibeko atamva anaika manja m'chiuno n'kunena kuti iye wabadwira m'katangale, wakulira m'katangale, koma aka n'koyamba kumuona akugwira ntchito yachitukuko.

Mudzi wa Kaliyeka sunataye nthawi. Chimanga china anaviika kuti chimere, china anakonola, mitondo inalira m'mawa ndi masana, wachigayo anaiwala kudya. Chimera chitauma, thobwa anaphika m'migolo. Mitambo inali ikusonkhana ndithu, koma inachita ulemu, inadikira. Esinati ndi Yotamu anakwatitsidwa Loweruka lina, kumwamba kuli bii, ndipo akuchimuna amene ankanena zambiri aja anavina mpaka nsapato zinatsala m'bwalo.

Komiti ya pulojekiti inabwera yonse, yosaitanidwa, ponena kuti ukwatiwo unali m'gulu la ziopsezo ndipo unayenera kuyang'aniridwa mpaka kumapeto. Inabwera ndi komiti yaing'ono ya dzina la mankhwala, mbali zonse ziwiri, komanso madalaivala awo. Anakhala kutsogolo, anadya, anawonjezera, anamasula malamba, anawonjezeranso. Nangondo sanawakanize, chifukwa paukwati sathamangitsa mlendo, ndipo mtima wake unali m'malo. Atatha kudya anayamba kulongedza zotsala kuti akazipime kulikulu. A Dokotala eni ake anatulutsa chigubu chachikasu chija m'galimoto n'kudzazamo thobwa mpaka pakhosi.

Akupita kugalimoto anadutsa pankhokwe ija, ndipo mwachizolowezi anagunditsa khutu. Inamveka mosiyana. Anakwera makwerero, anasuzumira, n'kuona pansi penipeni pa nkhokwe, mbee, popanda ndi njere yomwe. Anatsika ngati mnyamata, chigubu chili kukhwapa, akuitana komiti kuti ibwere idzaone. Nkhokwe yofanizira inali itadyedwa yonse, ndendende monga ndondomeko inanenera. Anakumbatirana. Wina anati izi zikusonyeza kuti mankhwala aja, akadzapezeka, adzakhala amphamvu koopsa. A Dokotala anapukuta magalasi n'kuitana Wokhudzidwa Wamkulu kuti apereke umboni.

"Mayi, tiuzeni mosaopa. Chadya chimanga chanu n'chiyani?"

Nangondo anayang'ana mzere wa akuluakulu aja, wina akutokosa m'mano, wina akukankhira mtolo m'galimoto ndi bondo.

"Anankafumbwe, bwana."

"Munawaona ndi maso anu? Anali aakulu bwanji?"

"Aakulu ndithu. Awa sauluka, amabwera pagalimoto."

A Dokotala anagwedeza mutu mwachidwi n'kuuza komiti kuti apa patulukira mtundu watsopano wa kachilomboko, ndipo pafunika gawo lachiwiri la kafukufuku. Anafunsa Nangondo ngati chaka chamawa adzalimenso chimanga chambiri. Nangondo anagwada mwaulemu n'kuyankha kuti ana ake onse tsopano akwatiwa, chaka chamawa adzalima tsabola.

Magalimoto atangonyamuka mvula yoyamba inagwa, n'kutsuka laimu pamiyala ija. Nangondo anaima pakhonde akuyang'ana kutsidya kwa bwalo, kumene Yotamu anali pamwamba pa kanyumba katsopano akukonza pamene pankadontha, Esinati ali pansi akumupatsira udzu ndi kumukalipira kuti agwa. Chikwama chapaulendo chija Yotamu sanagule.